Tchuthi cha bambo mwana akabadwa: kapemphedwe ndi kagwiritsidwe kake

Masiku a tchuthichi amasiyana malinga ndi dziko komanso malo antchito. Ku Malawi, lamulo la 2021 limapereka masabata awiri olipidwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo ku Kenya ndi masabata awirinso. Yambani ndi kuwerenga mgwirizano wanu wa ntchito, kenako funsani abwana zinthu zitatu: masiku ndi angati, malipiro ndi athunthu kapena ayi, komanso ngati Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa. Funso lachitatuli ambiri amaliiwala, n'kuzadabwa masiku atatha msanga.

Pemphani polemba kalata mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sungani kope lake, poti chilolezo cha pakamwa chimakanidwa. M'kalatamo musatchule tsiku lenileni loyambira. Tsiku limene a chipatala amanena ndi longoyerekeza, mwana akhoza kubadwa nthawi iliyonse kuyambira sabata ya 37 mpaka ya 42 ya mimba. Mukayamba tchuthi pa tsiku loyerekezalo mwana n'kuchedwa, sabata yathunthu idzathera kudikirira. Lembani kuti tchuthi chidzayambe tsiku lomwe mwana wabadwa. Pofika sabata ya 36, wokugwirirani ntchito akhale atadziwa kale zonse, kuti asamakuimbireni foni muli kuchipatala.

Kunyumba, ntchito yaikulu ili usiku. Khanda limayamwa kasanu ndi katatu mpaka 12 pa maola 24. Kuyamwitsa n'kwa mayi, koma zotsalazo ndi zanu: kudzuka, kumupatsira mwana, kusintha thewera, kumuika mwanayo paphewa n'kumusisita kumsana mpaka ageye, kenako kumugoneka chagada, osati chafufumimba. Mukatero mayi amagonanso msanga. Muikireni madzi akumwa pafupi, chifukwa kuyamwitsa kumapatsa ludzu kwambiri. Ngati anachira kudzera mu opaleshoni, bala limatenga pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, choncho asanyamule cholemera kuposa mwanayo. Kuchapa, kuphika ndi kusamalira ana okulirapo zigwere inu. Alendo nawo muziwachepetsera nthawi mwaulemu, poti mayi wotopa amachita manyazi kunena.

Muziwerenga matewera. Kuyambira tsiku lachisanu, matewera onyowa asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa tsiku amasonyeza kuti mkaka ukukwana. Mchombo ukhale wouma ndi waukhondo, thewera mulipindire pansi pake, udzagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena awiri. Thamangirani kuchipatala mwana akatentha thupi kufika madigiri 38, akakana bere, akamapuma movutikira, maso ndi khungu zikachita chikasu, kapena pamchombo pakatuluka mafinya. Mayi nayenso apite mwachangu akamataya magazi odzaza padi pa ola limodzi, akatentha thupi, kapena mutu ukamamupweteka kwambiri maso akuchita chidima. Kulira popanda chifukwa pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu kumachitikira amayi ambiri, koma kukapitirira masabata awiri kambiranani ndi dokotala.

Kutatsala masiku atatu kuti mubwerere kuntchito, gwirizanani kuti masana azithandiza ndani, ndiponso maola ati a usiku akhalabe anu. Tsiku la sikelo ya masabata asanu ndi limodzi lipempheretu kwa abwana, kuti mudzaperekeze mayi ndi mwana kukatemera.