Klorini akatayika pansi, thamangirani mchenga osati utuchi

Chigubu cha malita 20 cha klorini wosungunula chikagubuduka, manja amathamangira chiguduli, utuchi kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Zonsezi zimakulitsa ngozi. Chichokereni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, klorini akusungidwa m'zipatala zing'onozing'ono, m'sukulu ndi m'masitolo a pa esiteti kuno ku Kasungu, nthawi zina m'chipinda chimodzi ndi feteleza.

Yambani mwadziwa chomwe chatayika. Jik wa m'golosale ali ndi mphamvu ya 3.5 peresenti. Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi ndi wa 1 peresenti, wopangidwa posungunula magalamu 15 a klorini wouma wotchedwa HTH mu lita imodzi ya madzi. HTH weniweniyo, wa timibulu toyera, ndi wa 65 mpaka 70 peresenti. Kapu imodzi ya wa 1 peresenti ikatayikira pa simenti, ingothirani madzi ambiri n'kukolopa. Zotsatirazi n'za wambiri kapena wamphamvu.

Tulutsani anthu, ana ndi odwala mphumu poyamba. Tsekulani zitseko ndi mazenera, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Mpweya wa klorini ndi wolemera kuposa womwe timapuma, choncho umakhazikika pansi ndi m'maenje. Musagwade kapena kuweramira pomwe patayikapo. Valani magambuti, magolovesi a labala ataliatali, epuloni ya pulasitiki ndi magalasi otchinga maso mbali zonse. Masiki ya nsalu kapena ya kuchipatala siyitchinga mpweyawu. Fungo likafika pokutsokomoletsani, tulukani mudikire kuti lichepe.

Dzutsani chigubucho. Ngati chabooka, chiikeni m'beseni lalikulu la pulasitiki. Kenako zingani malo onyowawo ndi mchenga wouma, kuyambira mbali yoyang'ana ku ngalande kapena kukhomo, n'kumathira cholowera pakati mpaka madzi asaonekenso. Malita 20 amadya ndowa zingapo za mchenga, n'chifukwa chake uyenera kukhala pafupi ngozi isanachitike.

Apa ndi pomwe timalimbikira kwambiri. Klorini amadya chilichonse chochokera ku zomera, ndipo potero amatulutsa kutentha. Utuchi, makoko a mtedza, gaga, zinyenyeswa za fodya, mapepala ndi ziguduli zikakumana ndi HTH wachinyezi zimatha kufuka ngakhale kuyaka. Dizilo, oyilo ndi girisi n'chimodzimodzi. Asidi aliyense, kaya wa batire, viniga kapena wotsukira chimbudzi, amamasula mpweya wa klorini nthawi yomweyo. Mkodzo ndi feteleza monga Urea, CAN ndi SA zimatulutsa mpweya wina wotentha m'maso ndi m'mapapo. Matumba a feteleza akakhala pafupi, akokereni kutali madziwo asanawafike.

Wolerani mchengawo ndi chowolera cha pulasitiki, muike m'ndowa ya pulasitiki yoyera. Chitsulo chimadyeka. Musatseke chivindikiro mothina, chifukwa mpweya ukadzadzana ndowa imaphulika. Timibulu ta HTH totayika musatibwezere m'dilamu, popeza kachitsotso kamodzi kakhoza kuyatsa dilamu lonse. Tisungunuleni pang'onopang'ono m'madzi ambiri, panja, pothira timibulu m'madzi osati madzi pa timibulu. Pomaliza tsukani pansi ndi madzi okha. Madzi otsukirawo asalowe m'chitsime, m'damu la nsomba kapena m'khwawa lothira mu mtsinje wa Bua, chifukwa klorini wochepa chabe amapha nsomba. Za kotaya zowoledwazo funsani ofesi ya zaumoyo wa chilengedwe ya m'boma lanu.

Akadonthera m'diso, tsekulani chikope ndi zala n'kuthira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, diso lovulalalo lili chakumunsi kuti madzi asayenderere ku linzake. Pakhungu, vulani zovala zonyowa n'kutsuka kwa mphindi 15, osapaka mafuta. Womwa klorini musamusanzitse, chifukwa pobwerera amawotchanso kummero; achukuche m'kamwa, kenako apite ku chipatala. Wopuma mpweyawu akhale tsonga pamalo opita mphepo. Ngati akutsokomola kapena kubanika, apite ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena chapafupi ngakhale atayamba kupezako bwino, popeza mapapo amatha kudzadza madzi patapita maola angapo. Jambulani lebulo ya chigubucho pa foni kuti adokotala aone dzina ndi mphamvu yake.