Kope limodzi lingakupezetseni pepala la ntchito

Achinyamata amene mukuphunzira kuwotcherera kapena kukonza makina m'mafakitale, kaya ku Kanengo kapena ku Makata, gulani kope lanulanu. Tsiku lililonse lembani makina amene mwagwiritsa ntchito ndi chimene mwapanga. Mukawotcherera geti kapena thanki, jambulani ndi foni musanapake penti, chifukwa penti imabisa msoko. Lachisanu lililonse akapitawo azisainira, musadikire tsiku lotsanzika. Akapitawo amasintha ntchito, ndipo wolowa m'malo mwawo sangachitire umboni zimene sanaone.

Kopelo ndi zithunzizo muzipita nazo kofunsira ntchito. Nanunso amene munaphunzira kwa mmisiri koma mulibe satifiketi, kafunseni ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za RPL, njira yopezera satifiketi pa luso limene munaphunzira kunja kwa sukulu. Amayesa luso limene muli nalo kale, simuyambiranso sukulu ayi.