Kuchepetsa ntchito ya mphunzitsi popanda kugwetsa maphunziro

Mphunzitsi amene ntchito yamulefula sayamba ndi kujomba. Amayamba ndi kulembetsa manotsi piriyodi yonse kuti asatsegule pakamwa. Kenako makope amaunjikana patebulo masabata awiri osachongedwa, mwana akafunsa funso amayankhidwa mokalipa, ndipo belu lowerukira likangolira iye ndiye woyamba kutuluka. Akuluakulu a sukulu ambiri akaona zimenezi amati ndi ulesi, n'kuyamba kumulondalonda, ndipo zinthu zimangoipiraipira. Kawirikawiri munthu ameneyu ndi yemwe uja zaka zitatu zapitazo ankafika pakati pa usiku akuchonga.

Vutoli lili ndi dzina. Pa Chingerezi amati burnout, mawu amene katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger anawatchukitsa mu 1974 pofotokoza za anthu ongodzipereka amene ankagwira nawo ntchito pachipatala china chaulere ku New York. Mu 1981 akatswiri ena a za maganizo, Christina Maslach ndi Susan Jackson, anatulutsa mafunso oyezera vutoli, ndipo analigawa patatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima kwa anthu amene ukuwatumikira, ndi kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalifotokoza ngati chinthu chochokera ku nkhawa za pantchito zimene zakhala nthawi yaitali osathetsedwa, ndipo silinaliike m'gulu la matenda. Choncho pokonza tiyambira pa ntchitoyo, kaperekedwe kake ndi kuchuluka kwake.

Werengani maola kaye

Musanasinthe chilichonse, tengani pepala limodzi n'kulemba kwa masiku 7 otsatizana, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, zonse zimene mwachita zokhudza sukulu. Gawani tsiku m'zigawo za mphindi 30, ndipo pa chigawo chilichonse lembani liwu limodzi: kuphunzitsa, kukonzekera, kuchonga, mafomu, msonkhano, milandu ya ana, makolo, masewera. Lembani nthawi yomweyo. Mukadikira madzulo mudzaiwala timphindi tomwe munathera poyankha mauthenga a pafoni, ndipo timeneto n'tomwe timadya tsiku. Sankhani sabata wamba, pakati pa teremu, chifukwa sabata ya mayeso imanamiza.

Sabata ikatha wonkhetsani maola a liwu lililonse, kenako funsani za chilichonse kuti, kodi ndikanapanda kuchichita, mwana akanaphunzira zochepa? Zimene yankho lake ndi ayi ndizo zoyamba kudulidwa kapena kufupikitsidwa. Kukonzekera phunziro musakukhudze. Aphunzitsi otopa amalakwitsa apa: amasiya kukonzekera, poti palibe amene amakuona, n'kupitiriza kudzaza mafomu poti amenewo ndiwo abwana amafunsa. Phunziro losakonzekera limabala phokoso, phokoso limatha mawu ndi mtima, ndipo mawa lake umalowa m'kalasi utatopa kuposa dzulo.

Kuchonga

Apa ndi pamene maola ambiri amathera, ndiye tichedwapo. Tiyerekeze kuti muli ndi makalasi 5, lililonse la ana 60. Kope limodzi likakutengerani mphindi 3, kalasi imodzi ndi maola 3, makalasi onse ndi maola 15. Amenewo ndi pafupifupi masiku awiri a ntchito, pa ntchito imodzi yokha ya pa sabata. Palibe khama limene lingafupikitse masamu amenewa. Ndipo makope akabwerera patatha masiku 10, mwana amakhala ataiwala funsolo. Amangoona malikisi, n'kuyang'ana a mnzake, n'kutseka kope.

Kafukufuku wa Ruth Butler wa mu 1988, amene anachitika pa ana asukulu ku Israel, anaonetsa zimenezi. Ana amene analandira ndemanga zokha anachita bwino pa ntchito yotsatira kuposa amene analandira malikisi okha. Amene analandira zonse ziwiri, malikisi ndi ndemanga, sanapose a malikisi okha aja. Nambala ija ikangooneka, ndemanga imene mphunzitsi anavutika nayo polemba siwerengedwa.

Ndiye gawani ntchito za ana m'mitundu itatu.

Ntchito za mayankho aafupi, monga masamu, matchulidwe ndi kudzaza mipata, zichongedwe m'kalasi momwemo ndi eni ake. Lembani mayankho pabolodi, ana achonge ndi cholembera cha mtundu wosiyana ndi chimene analembera, kenako funsani funso lililonse kuti amene alakwa akweze dzanja. Zimatenga mphindi 5 mpaka 7. Chimene chimavuta n'chakuti ana amabera ngati malikisiwo akulowa m'buku lanu, choncho musawalowetse, ndipo auzeni poyera kuti simuwalowetsa. Akadziwa kuti kulakwa sikuwapweteka, manja amakwera moona.

Ntchito zazitali, monga chimangirizo kapena kufotokoza zimene apeza poyesa zinthu za sayansi, muziwerenge osalemba kanthu m'makope. Ikani pepala limodzi pambali, muligawe panayi: zolakwa zimene zikubwerezabwereza, mawu amene ambiri akulephera kulemba, maina a ana awiri kapena atatu amene ntchito yawo ndi yoti ena aionere, ndi maina a amene asokonezeka kwambiri moti afunika kukhala nawo pansi. Kope lililonse litenga mphindi imodzi kapena kuchepera, ndiye kalasi ya ana 60 yatha mu ola limodzi. Tsiku lotsatira tengani mphindi 10 zoyambirira kufotokoza zolakwa ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, muonetse chitsanzo chabwino, kenako perekani mphindi 15 kuti aliyense alembenso ndime imodzi. Mphindi 15 zimenezi musazidumphe. Popanda kulembanso, mwangolankhula, ndipo cholakwa chija chidzabwera momwemo pa mayeso.

Mtundu wachitatu ndi ntchito zochonga mozama, zopatsa malikisi ndi kulowetsa m'buku. Ziwiri kapena zitatu pa teremu pa kalasi iliyonse n'zokwanira, kuwonjezera pa mayeso amene sukulu imafuna. Masiku ake muwalembe pa kalendala teremu isanayambe, motalikitsana, kuti makalasi awiri asapereke sabata imodzi. Mukachonga, yambani funso loyamba m'mapepala onse, kenako lachiwiri m'mapepala onse. Mutu suvutika kusinthasintha, dzanja limafulumira, komanso simukondera.

Njira imeneyi imafuna kuti mphunzitsi wamkulu aidziwe isanayambe, ndipo makolo auzidwe. Kholo likatsegula kope n'kupeza mulibe inki yofiira limaganiza kuti mwana wake sakuonedwa. Sungani mapepala a ndemanga aja m'failo. Woyendera sukulu akafunsa umboni, ndi amenewo.

Kukonzekera ndi kuphunzitsa kosatha mphamvu

Chikonzero cha phunziro chimene chimathandiza m'kalasi chimakwana pa theka la tsamba: chimene ana akhale akutha kuchita piriyodi ikamatha, zitsanzo ziwiri zimene mwazisova kale nokha, mafunso 4 kapena 5 oti mufunse, ndi cholakwa chimene mukuyembekezera kuti ana achita. Ngati sukulu imafuna fomu yaitali, dzazani fomuyo pambuyo, kuchokera pa theka la tsamba lija. Aphunzitsi a phunziro limodzi agawane mitu: wina akonze mutu woyamba wa teremu, wina wachiwiri, n'kusinthana. Wolandira ayenera kusova yekha zitsanzo zonse asanalowe m'kalasi, apo ayi adzakakamira pabolodi ana akumuyang'ana.

Katswiri wa za maphunziro Barak Rosenshine, m'mfundo zake za kaphunzitsidwe zimene zinafala kwambiri mu 2012, analangiza kuyamba phunziro ndi kubwereza za m'mbuyo kwa mphindi 5 mpaka 8, kuphunzitsa zatsopano pang'onopang'ono, ndi kuonetsetsa kuti ana akukhoza pafupifupi mafunso 8 mwa 10 aliwonse pamene akuyeserera. Kwa mphunzitsi wotopa mfundo yomalizayi ndi yopulumutsa. Mukapereka ntchito ana theka asanamvetse, manja 30 amakwera nthawi imodzi, inu n'kumathamanga desiki ndi desiki kufotokoza chinthu chimodzimodzi. Bwererani pabolodi, chitani chitsanzo china limodzi nawo, kenako muwasiye.

Mawu ndi chida chimene aphunzitsi ambiri amawononga osadziwa. Musalankhule pamwamba pa phokoso. Sankhani chizindikiro chimodzi chofunira bata, kaya kukweza dzanja kaya kuwomba m'manja kawiri, muchiphunzitse sabata yoyamba ngati phunziro, muchiyeserere mpaka kalasi izikhala chete pasanathe masekondi 10. Musalankhule mukulemba pabolodi, chifukwa mawu amapita kukhoma ndipo mumakakamizika kukuwa. Khalani ndi madzi pafupi. Mawu akasasa musanong'one, kunong'ona kumatopetsanso kholingo. Lankhulani motsitsa, mochepa. Kusasa kukapitirira masabata atatu, kaonaneni ndi dokotala.

Palinso timasekondi tochepa timene timasintha kalasi. Katswiri wa za maphunziro Mary Budd Rowe, atamvetsera maphunziro a sayansi ojambulidwa pa tepi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho ankatalika ndipo ana ambiri ankayesako. Funsani, werengani chamumtima mpaka 3, kenako tchulani dzina. Poyamba bata limenelo limaoneka lalitali zedi, mpaka kuyabwa kuti uziyankhe wekha.

Mbali ya mphunzitsi wamkulu

Zambiri zimene zimalefula aphunzitsi sizili m'manja mwawo. Maslach ndi mnzake Michael Leiter anatchula mbali zisanu ndi imodzi za ntchito zimene zikasokonekera munthu amalefuka: kuchuluka kwa ntchito, ufulu wosankha momwe uichitire, kuyamikiridwa, ubale ndi anzako, chilungamo, ndi kugwirizana kwa ntchitoyo ndi zimene umakhulupirira. Pasukulu, chilungamo ndicho chimapweteka msanga, ndipo chimaonekera pa ndandanda wa mapiriyodi. Pogawa ntchito musawerenge mapiriyodi okha. Werenganinso chiwerengero cha ana ndi cha maphunziro osiyana amene munthu akukonzekera. Mapiriyodi 24 a phunziro limodzi m'makalasi ofanana ndi opepuka kuposa mapiriyodi 20 a maphunziro anayi. Ndandandayo ipachikidwe poyera, pamodzi ndi maudindo ena onse, kuti aliyense aone katundu wa mnzake.

Chenjerani ndi chizolowezi chomuunjikira wakhama. Pamakhala mphunzitsi amene sakana, ndiye masewera ndi ake, komiti ya mayeso ndi yake, kalasi yolemba mayeso aboma ndi yakenso. Ameneyo ndiye adzayambe kugwa, ndipo akagwa dzenje lake ndi lalikulu. Ikani lamulo lakuti udindo watsopano ukabwera, wina wakale uchoke. Chimodzimodzinso mphunzitsi amene wangoyamba ntchito: asapatsidwe kalasi imene onse aithawa, ndipo akhale ndi mnzake wodziwa ntchito wokumana naye mphindi 20 sabata iliyonse, pa nthawi yolembedwa pa ndandanda. Mukangoti "mukavutika mubwere", sabwera.

Msonkhano wa aphunzitsi ukhale ndi mitu yolembedwa kale ndi ola lothera. Zongolengeza zilembedwe papepala. Mauthenga a pafoni a ntchito akhale ndi ola losiyira madzulo, ndipo woyamba kulisunga akhale mphunzitsi wamkuluyo.

Kuonerera phunziro kumakweza luso ngati kuli kwafupi, kwa pafupipafupi, ndipo kosagwirizana ndi chilango. Lowani mphindi 15, khalani kumbuyo, lembani zimene mwaona ndi kumva, osati maganizo anu: "Funso lafunsidwa, ayankha ana atatu a kutsogolo, mzere wakumbuyo sunalembe kanthu." Kumanani tsiku lomwelo kapena mawa lake, mugwirizane chinthu chimodzi choti asinthe, chaching'ono moti angachiyese mawa, kenako mubwerenso pakatha masabata awiri kudzaona chomwecho. Mndandanda wa zolakwa 12 susintha kanthu. Munthu amangoupinda n'kuuika m'thumba, ndipo ulendo wina mukadzalowa adzakuchitirani sewero.

Zikafika patali

Kutopa wamba kumatha munthu akagona bwino masiku awiri kapena akapuma pa tchuthi. Kulefuka kumabwerera sabata yoyamba ya teremu, mwinanso usiku woti mawa sukulu itsegulidwa. Mukaona mnzanu wasiya kukhala ndi anzake pa nthawi yopuma, akudwaladwala mutu kapena m'mimba, akunena za ana monyoza pamene kale sankatero, kapena wayamba kumwa kwambiri, mutengereni pambali. Musayambe ndi makope osachongedwa aja. Nenani zimene mwaona, mufunse chimene chikumulemera kwambiri, ndipo ngati muli ndi mphamvu zotero, muchotsereni chinthu chimodzi chenicheni sabata yomweyo: udindo umodzi, kalasi imodzi, kapena tsiku loperekera malikisi lisunthidwe. Mugwirizane tsiku lokumananso pakatha masabata awiri, muone ngati tulo tabwerera.

Ngati kukhumudwa kwafalikira kunja kwa ntchito, munthu sakusangalalanso ndi chilichonse ngakhale kunyumba, sakugona kapena kudya bwino kwa masabata awiri kapena kuposerapo, zimenezo zingakhale matenda a maganizo ofunika dokotala kapena mlangizi wophunzitsidwa, ndipo kusintha ndandanda pakokha sikungakwane. Akatchula zodzipha, ngakhale moseka, musamusiye yekha. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganizadi zimenezo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.