Momwe mungalondolere ndalama zolembera apolisi ntchito mumzinda wanu ku America

Ngati mumakhala ku America, mwina mudamvapo meya wa mzinda wanu akulengeza kuti boma la ku Washington lapereka ndalama zolembera apolisi atsopano. Anthu amaomba m'manja, nkhani imatuluka pa TV, kenako zii. Koma ndalama zimenezi zimabwera ndi malamulo, ndipo polisi imene yazilandira imasainira udindo wa zaka zosachepera zinayi. Inu amene mumalipira msonkho mumzindamo mungathe kufufuza ngati udindowo ukukwaniritsidwa, ndipo simufunika loya kuti mutero.

Kwathu ku Malawi polisi ndi imodzi, likulu lake lili ku Area 30 ku Lilongwe. Ku America kuli nthambi za polisi pafupifupi 18,000, ndipo mzinda uliwonse kapena county iliyonse imalipira apolisi ake kuchokera m'bajeti yake. Mu 1994 Pulezidenti Bill Clinton adasainira lamulo lolimbana ndi upandu lomwe lidakhazikitsa ofesi yolimbikitsa upolisi wogwira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera, yotchedwa COPS, pansi pa unduna wa zachilungamo, cholinga chake n'kuwonjezera apolisi 100,000 m'misewu. Ndondomeko yomwe imapereka ndalamazi masiku ano imatchedwa COPS Hiring Program, mwachidule CHP.

Poyamba, tsimikizani ngati polisi yanu idalandiradi

Lowani patsamba la intaneti la ofesi ya COPS, pomwe amaika mndandanda wa olandira chaka ndi chaka. Mukhozanso kulemba dzina la mzinda wanu pa USAspending.gov, tsamba losonyeza kumene ndalama za boma la ku Washington zimapita. Lembani pakapepala zinthu zitatu: chaka chimene ndalamazo zidaperekedwa, kuchuluka kwake, ndi chiwerengero cha apolisi omwe adavomerezedwa. Manambala atatuwa musawataye, muwagwiritsa ntchito paliponse kutsogoloku.

Chachiwiri, werengani masamu ake nokha

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. CHP imalipira gawo losapitirira 75 peresenti ya malipiro a wapolisi wongoyamba kumene ntchito, kuphatikizapo zolowa monga inshulansi ya chipatala ndi penshoni, kwa miyezi 36. Komanso pali malire ena: sipereka ndalama zoposa $125,000 pa wapolisi mmodzi pa zaka zitatu zonsezo. Mzinda uyenera kusonkha gawo lake, losachepera 25 peresenti, ndipo gawolo liyenera kumakula chaka ndi chaka pomwe la boma lalikulu la ku Washington likuchepa.

Tiyerekeze kuti mumzinda wanu wapolisi watsopano amadya $80,000 pachaka, malipiro ndi zolowa zonse pamodzi. Pa zaka zitatu ndi $240,000. Mukatenga 75 peresenti mupeza $180,000, koma malire aja akuti $125,000 basi. Ndiye kuti mzinda ulipira $115,000 pa munthu mmodziyo, pafupifupi theka. Chulukitsani ndi apolisi khumi, muona kuti khonsolo yadzisenzetsa katundu woposa $1 miliyoni pa tsiku lomwe inkasangalala lija.

Onjezerani apo kuti ndalama za CHP sizigula galimoto, mfuti, yunifomu kapena wailesi, ndipo sizilipira ovataimu. Ngati mzinda walemba munthu wodziwa kale ntchito pa malipiro okwera, ndalama yapamwambayo imachokera m'thumba la mzinda. Mzinda umene uli pamavuto aakulu azachuma ungapemphe kuti uchotseredwe gawo lake lija, koma uyenera kuonetsa umboni, ndipo si onse amene amavomerezedwa.

Chachitatu, onani ngati apolisi awonjezekadi

Lamulo lalikulu kuposa onse ndi ili: ndalama za ku Washington ziyenera kuwonjezera pa zomwe mzinda udakonza kale, osati kulowa m'malo mwake. Pachingerezi kuphwanya lamuloli amati supplanting, ndipo mawuwa mudzawapeza m'mapepala onse a ndondomekoyi.

Zimachitika motere. Bajeti ya mzinda ili ndi malo a apolisi 100. Boma lapereka ndalama za apolisi asanu. Chiwerengero chiyenera kufika 105. Koma khonsolo yochenjera imatsitsa mwakachetechete malo ake kufika 95, n'kutenga ndalama zopulumutsidwazo kukakonzera misewu kapena kubweza ngongole, ndiye apolisi amakhalabe 100. Zili ngati mwana wa kunja watumiza ndalama zoti muwonjezere chipinda panyumba, inu n'kugulira ndiwo, n'kumutumizira chithunzi cha chipinda chakale.

Kuti muzigwire, tsegulani bajeti ya mzinda ya chaka chimene ndalama zisanabwere ndi ya zaka zotsatira. Mizinda yambiri imaika bajeti pa intaneti. Fufuzani tsamba la polisi, pomwe alemba chiwerengero cha apolisi olumbira omwe mzinda ukuwalipira wokha. Musawerengere limodzi ndi makalaliki kapena oyankha foni za ngozi, chifukwa CHP imakhudza apolisi olumbira okha. Chiwerengerocho chikatsika sikuti pomwepo pali mlandu. Mzinda ungachepetse bajeti pazifukwa zenizeni, monga kugwa kwa msonkho, bola uonetse ndi zikalata kuti kudulako kukadachitikabe ngakhale ndalama za COPS zikadapanda kubwera. Funso lanu likhale lomwelo: zikalatazo zili kuti?

Ndalamazi zimaloledwa pa zinthu zitatu: kulemba apolisi atsopano, kubwezeretsa omwe adachotsedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama, kapena kusunga omwe tsiku lawo lochotsedwa lidakhazikitsidwa kale. Chachitatuchi muchiyang'anitsitse, poti n'chosavuta kuti akuluakulu angonena pakamwa kuti ankafuna kuchotsa anthu. Payenera kukhala ma minitsi a msonkhano wa khonsolo kapena makalata osonyeza chiganizocho.

Chachinayi, dikirani chaka chachinayi

Kwa ine, apa ndi pomwe pamaonekera chilungamo cha mzinda. Miyezi 36 ikatha, polisi imayenera kusunga malo onse aja kwa miyezi ina 12 pogwiritsa ntchito ndalama zake zokha. Pofunsira ndalamazo, mzinda umalonjeza zimenezi ndipo umatchula kumene ndalama za chaka chachinayi zidzachokere. Vuto n'lakuti meya amene adasaina angakhale atachoka, makhansala asintha, ndipo atsopanowo amadzidzimuka akaona bilu yonse ili pa iwo.

Chomwe chimasungidwa ndi malo a ntchito, osati munthu. Wapolisi akasiya ntchito kapena akapuma, mzinda uyenera kulemba wina. Malo akakhala opanda munthu kwa miyezi ingapo, miyezi imeneyo siwerengedwa, n'chifukwa chake masiku ano mizinda imapatsidwa zaka zisanu kuti imalize kugwiritsa ntchito ndalama za zaka zitatu. Choncho musawerenge kuyambira tsiku la chilengezo. Funsani tsiku limene wapolisi aliyense adayamba ntchito pamalopo.

Chachisanu, funsani kuti apolisiwo akuchita chiyani

Ndalamazi cholinga chake n'kulimbikitsa upolisi wogwira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera. Pofunsira, polisi imasankha vuto lomwe ikufuna kuthana nalo, kaya ndi ziwawa za mfuti kapena chitetezo m'masukulu, n'kufotokoza momwe idzagwirire ntchito ndi anthu. Olembedwa kumenewo, kapena apolisi akale ofanana nawo chiwerengero, ayenera kupatsidwa ntchito imeneyo. Ngati m'dera lanu simunaonepo wapolisi atatsika m'galimoto kudzacheza ndi eni masitolo kapena akuluakulu a mpingo, muli ndi chifukwa chofunsira.

Makolo, mvetserani apa. Ngati ndalamazo n'zolembera apolisi okhala m'masukulu, payenera kukhala mgwirizano wolembedwa pakati pa polisi ndi akuluakulu a sukulu, wofotokoza malire a ntchito ya wapolisiyo, ndipo iye ayenera kuchita maphunziro apadera. Kulanga mwana wochedwa kapena wamwano ndi ntchito ya aphunzitsi. Pemphani kuti muone mgwirizanowo.

Palinso nkhani ya tsankho. Aliyense wolandira ndalama za boma lalikulu amamangidwa ndi gawo lotchedwa Title VI la lamulo la ufulu wa anthu la 1964, lomwe limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena dziko lomwe adachokera. Kwa ife obwera, ndimeyi ndi yofunika kwambiri. Dziwaninso kuti zofunika zina zimasintha boma likasintha. Mu 2017 mizinda yolonjeza kugwirizana ndi akuluakulu oona za olowa m'dziko inkapatsidwa mapointi owonjezera pa mpikisano wa ndalamazi. Mzinda wa Los Angeles udakasuma, koma mu 2019 khoti la apilo lidagamula mokomera boma. Ndiye werengani kalata ya chaka chimene mzinda wanu udalandira, osadalira ya chaka china.

Chachisanu ndi chimodzi, pemphani mapepala

Polisi yolandira ndalama imatumiza lipoti la zachuma lotchedwa SF-425 miyezi itatu iliyonse, komanso malipoti osonyeza momwe ntchito ikuyendera, kudzera pa makina a JustGrants. Imayeneranso kusunga zikalata zonse kwa zaka zitatu lipoti lomaliza likaperekedwa. Ndiye mapepala alipo.

Lembani kalata yaifupi kwa kalaliki wa mzinda, motsatira lamulo la state yanu lopatsa anthu mwayi woona zikalata za boma. Ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ku South Bend, lamuloli limatchedwa Access to Public Records Act, ndipo munthu aliyense angapemphe. Mukatumiza pa imelo kapena papositi ayenera kukuyankhani pasanathe masiku asanu ndi awiri, ngakhale mapepala enieniwo angabwere pambuyo pake. Ma state ena, monga Virginia ndi Tennessee, amapereka mwayiwu kwa nzika za state yomweyo, choncho yambani mwaona lamulo la kwanuko. M'kalatamo tchulani zinthu mwachindunji: fomu yofunsira ndalama za CHP, kalata yovomereza pamodzi ndi malamulo ake, malipoti a SF-425, ndi masiku omwe apolisiwo adalembedwa. Mukangolemba kuti mukufuna zonse zokhudza polisi, adzakuyankhani kuti pempho lanu n'lotakata kwambiri.

Pomaliza, kanenani koyenera

Yambirani pafupi. Misonkhano ya khonsolo imakhala ndi nthawi yoti anthu wamba alankhule, kawirikawiri mphindi ziwiri kapena zitatu munthu aliyense. Pitani muli angapo, a mumpingo kapena a m'bungwe lanu la Amalawi, mmodzi aimirire ndi manambala ali m'manja, afunse funso limodzi lomveka: apolisi olipidwa ndi mzinda anali angati ndalama zisanabwere, ndipo lero alipo angati? Nthawi yabwino ndi pamene akukambirana bajeti ya chaka chotsatira, chiganizo chisanamangidwe.

Mukaona kuti mayankho akuzungulira, lemberani ku ofesi ya COPS, yomwe ili ndi anthu oyendera olandira ndalama. Ngati mukuganiza kuti pali chinyengo chenicheni, ofesi ya Inspector General wa unduna wa zachilungamo imalandira madandaulo ndipo imafufuza mabuku a mizinda yotere. Nkhani za tsankho zimapita ku Office for Civil Rights ya mu Office of Justice Programs. Mzinda wopezeka wolakwa ungaimitsidwe kulandira ndalama, ungauzidwe kubweza zomwe udagwiritsa ntchito molakwika, kapena kuletsedwa kufunsiranso kwa kanthawi. Polemba dandaulo lanu ikanimo nambala ya thandizolo, yomwe ili pamwamba pa kalata yovomereza, ndipo mutumize makope a masamba a bajeti omwe akusonyeza kusinthako.