Momwe Mungasankhire Dzina Losewerera Magemu a pa Intaneti

Munthu akatsegula PUBG Mobile, Free Fire kapena Fortnite kwa nthawi yoyamba, gemuyo imamuonetsa kabokosi kopanda kanthu kuti alembemo dzina limene osewera anzake azimudziwa nalo. Ambiri amalemba chilichonse chimene chabwera m'mutu chifukwa mtima uli kale pa masewerawo, ndipo pakatha miyezi ingapo amapeza kuti gulu lonse likuwaitana ndi dzina limene eni ake sakulikonda. Mwambo wodzilembera dzina m'magemu ndi wakale ndithu. Mu 1979 makina osewerera gemu yotchedwa Asteroids ankalola wopambana kulemba zilembo zitatu zokha pamndandanda wa akatswiri, ndipo kampani ya Microsoft itayambitsa Xbox Live, njira yosewerera pa intaneti pa makina ake a Xbox, mu 2002, wosewera aliyense anayamba kukhala ndi dzina limodzi loyenda nalo m'magemu onse a pa makinawo. Masiku ano dzina lotere limatha kukhala ndi munthu zaka zambiri kuposa foni imene analilembera, choncho ndi bwino kulisankha modekha potsatira njira zotsatirazi.

Choyamba: funani dzinalo m'moyo wanu

Kwathu kuno dzina silibwera chabe. Mwana wotchedwa Mavuto, Madalitso kapena Tiyanjane amanyamula nkhani ya zimene banja linkadutsamo pamene iye ankabadwa, ndipo aliyense womva dzinalo amadziwa kuti pali chimene chinachitika. Nzeru yomweyi ndi imene imabala mayina abwino osewerera. Tengani pepala mulembe mawu khumi kapena kuposerapo ochokera m'moyo wanu: dzina lachibwana limene agogo ankakuitanani nalo, nyama imene mumaisirira, chakudya cha kumudzi, kapena khalidwe limene anzanu a pa mpira amakudziwani nalo.

Tiyerekeze mnyamata amene ali wamng'ono ankadya mtedza wambewu umene agogo ake anabisa mumphika pamwamba pa nsanja, mpaka banja lonse linayamba kumutcha Kamtedza. Mnyamata ameneyu akalemba dzinali mu Free Fire, osewera a ku Brazil kapena ku Indonesia angoona mawu achilendo omveka bwino, koma iye aziona agogo ake ndi mphika uja nthawi iliyonse akalowa m'gemu. Kwa ine, dzina lotere limaposa kutali mayina a Chingerezi okamba za imfa ndi mfuti amene osewera zikwizikwi amakopera kwa anzawo, chifukwa palibe wina angalitenge n'kukhala nalo ndi tanthauzo lomwelo.

Ngati mukufuna dzina loopsa pang'ono, Chichewa chili ndi mawu okwanira: Mphenzi, Namondwe, Nyalugwe, Nkhwazi, Kamvuluvulu. Ganiziraninso kaseweredwe kanu. Wosewera amene amabisala m'tchire n'kudikira mdani angadzitche Nanzikambe, pomwe wothamangira kutsogolo osayang'ana m'mbuyo angayenerane ndi Njati.

Musaope kuti dzina loyamba likhala lomaliza. Lee Sang-hyeok wa ku South Korea, amene dziko lonse limamudziwa kuti Faker m'gemu ya League of Legends, ankasewera ndi dzina lakuti GoJeonPa asanalowe m'timu ya akatswiri mu 2013, chaka chomwe anapambana mpikisano wa dziko lonse koyamba.

Chachiwiri: chotsani chilichonse chimene chingakuululeni

Apa ndi pamene ndikupempha makolo ndi achinyamata kuti asachite mphwayi. Dzina losewerera limaonedwa ndi anthu amene simudzakumana nawo, ndipo si onse amene ali ndi mtima wabwino. Dzina lokhala ndi dzina lenileni, mfunda ndi chaka chobadwira limauza mlendo aliyense kuti ndinu ndani komanso muli ndi zaka zingati. Nambala monga 2012 kumapeto kwa dzina imalengeza kuti wosewerayo ndi mwana, ndipo anthu ofuna kunyenga ana pa intaneti amayang'ana zizindikiro zoterezi. Musaikemo dzina la sukulu, la dera limene mumakhala monga Ndirande kapena Area 25, ngakhalenso chidutswa cha nambala ya foni.

Pewaninso kugwiritsa ntchito dzina lomwelo limene muli nalo pa Facebook kapena TikTok ngati kumeneko mumaika zithunzi zanu ndi za abale anu. Munthu amene mwamugonjetsa n'kupsa mtima angathe kulemba dzinalo mu Google ndi kupeza nkhope yanu m'mphindi zochepa. Ichi ndi chifukwa china chimene dzina longa Kamtedza lilili labwino: tanthauzo lake likudziwika kwa mwini wake ndi banja lake basi.

Chachitatu: yezani dzinalo ndi malamulo a gemu

Kampani iliyonse ili ndi malire ake. PlayStation Network imalola zilembo kuyambira 3 mpaka 16, chimodzimodzinso Minecraft ya pa kompyuta ndi Fortnite. Roblox imafika pa 20. Xbox mu 2019 inaika malire a zilembo 12 pa mayina atsopano, kutanthauza kuti mawu oti Chiphaliwali ankangokwana ndendende osasiya malo a chilembo china. Magemu ambiri amakana zilembo zokhala ndi zizindikiro pamwamba, choncho amene amakonda kulemba ŵ ayenera kukonzekera kugwiritsa ntchito w wamba.

Palinso makina osefa mawu otukwana amene amawerenga dzina ndi maso a Chingerezi. Mu 1996 anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England analephera kutsegula maakaunti a AOL, kampani ya intaneti, chifukwa m'kati mwa dzina la tauni yawo muli zilembo zopanga mawu olaula a Chingerezi. Mawu athu osalakwa monga fuko kapena kufuka angakumane ndi vuto lofananalo. Gemu ikakana dzina lanu popanda chifukwa chomveka, yang'anani zilembo za pakati musanaganize kuti foni yawonongeka. Koma musagwiritse ntchito mwayi wakuti makinawo samva Chichewa kuti mulembe zotukwana kapena zonyoza mtundu wa anthu ena. Osewera anzanu amamva, amatha kukunenezani, ndipo akaunti imene mwaivutikira ingatsekedwe.

Chachinayi: litchuleni mokweza

M'magemu osewera anayianayi monga PUBG Mobile, mnzanu amafunika kukuchenjezani m'kanthawi kochepa kuti mdani ali kumbuyo kwa khoma. Ngati dzina lanu ladzaza ndi nyenyezi, mitanda ndi manambala, iye adzangofuula kuti "iwe!" ndipo onse atatu adzatembenuka. Pemphani mnzanu alitchule dzinalo katatu mofulumira. Lilime likapunthwa, lifupikitseni.

Chachisanu: mukapeza kuti dzinalo lili ndi mwini kale

Zimenezi zimachitika kawirikawiri, makamaka ndi mawu afupiafupi. Njira yodziwika ndi kusintha chilembo ndi nambala yofanana nacho maonekedwe, monga anachitira Oleksandr Kostyliev wa ku Ukraine, katswiri wa Counter-Strike amene amalemba dzina lake kuti s1mple. Kusintha chilembo chimodzi n'kokwanira, chifukwa mukasintha zitatu kapena zinayi dzinalo limaoneka ngati nambala ya galimoto. Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi kuwonjezera mawu achiwiri: Nkhwazi ikhale NkhwaziYakuda, Mphenzi ikhale MphenziYaUsiku. Kutero kumalemeretsa tanthauzo m'malo molisokoneza.

Makampani ena anathetsa vutoli okha. Xbox imaika nambala pambuyo pa chizindikiro cha # ngati dzina lili kale ndi wina, ndipo Riot Games, eni ake a Valorant ndi League of Legends, amakulolani kusankha nokha kachidutswa ka zilembo 3 mpaka 5 kotsatira dzina. Ngati muli m'timu, siyani malo a zilembo za timuyo kutsogolo, monga amachitira osewera a timu yotchuka ya FaZe Clan, koma kumbukirani kuti matimu a anzanu amatha ndipo dzina lanu liyenera kuima palokha.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani mtengo wosinthira musanavomereze

Fortnite imalola kusintha dzina kwaulere pakatha masabata awiri, Minecraft pakatha masiku 30, ndipo Riot Games pakatha masiku 90. Kwina nkhani ndi ya ndalama. Sony, eni ake a PlayStation, inayamba kulola kusintha dzina mu Epulo 2019. Kusintha koyamba n'kwaulere, koma kotsatira kumafuna madola 9.99 a ku America, kapena 4.99 kwa olembetsa PlayStation Plus. Roblox imafuna ma Robux 1,000 (ndalama za m'gemuyo), pomwe PUBG Mobile ndi Free Fire zimafuna khadi lapadera losinthira dzina kapena ndalama za m'gemu. Kwa wosewera wa ku Malawi, amene kupeza njira yolipirira ndalama zakunja kumamuvuta, kulakwitsa chilembo chimodzi kungatanthauze kukhala ndi cholakwikacho nthawi yaitali. Pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, dzina loonekera kwa anzanu limasinthika nthawi iliyonse, koma dzina lolowera mu akaunti silisinthika konse. Werengani dzinalo kawiri, chilembo ndi chilembo, musanadine batani lovomereza.

Chachisanu ndi chiwiri: tetezani akaunti imene yanyamula dzinalo

Lumikizani akauntiyo ndi imelo imene mumaigwiritsadi ntchito, ndipo pewani kusewera ngati mlendo wosalembetsa akaunti, chifukwa akaunti za alendo m'magemu a pa foni zimatha kutayika foni ikabedwa kapena ikafufutidwa. Lembani pasiwedi m'kope limene mumasunga kunyumba, osati m'foni yomweyo. Felix Kjellberg wa ku Sweden, wotchuka ndi mavidiyo a magemu, poyamba anali ndi akaunti ya YouTube yotchedwa Pewdie, dzina limene analipanga pophatikiza kulira kwa mfuti ya m'magemu ndi mawu a Chingerezi otanthauza kufa. Atayiwala pasiwedi yake, mu 2010 anatsegula akaunti ina n'kuwonjezera zilembo zitatu kumapeto, ndipo umu ndi mmene linabadwira dzina lakuti PewDiePie.