Kusankha mabushi a shafuti ya kaboti ka rimoti

Achimwene, mwafunsa za mabushi (timphete tomwe shafuti imazunguliramo) oyenera shafuti ya pulopela ya kaboti kanu ka rimoti. Yambani mwayeza shafutiyo ndi vernier, chipangizo choyezera kunenepa kwa zinthu. Zambiri zimakhala za 3 mm kapena 4 mm. Yezaninso m'kati mwa paipi yomwe shafutiyo imadutsamo. Bushi izilowa mothina m'paipi, koma shafuti izizungulira mofewa, osagwedera.

Kenako sankhani mtundu. Ine ndimakonda a bronze. Madzi a Shire kuno ku Chikwawa amadzaza matope ndi mchenga nthawi ya dzinja, ndiye maberingi a timipira sachedwa kulira n'kuchita dzimbiri.

Ikani bushi imodzi mbali iliyonse ya paipi, mudzaze girisi wosasungunuka m'madzi. Mukamaliza kuyendetsa, solorani shafuti, mutsuke, mupakenso girisi. Kaboti kakakuferani pakati pa mtsinje, chonde musakalowere, ng'ona ziliko.