Kusankha mperekezi woyenera pambuyo pa mfotokozi m'Chingerezi

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg Chingerezi amachiyankhula bwino, koma pa CV kapena mu uthenga wa pa WhatsApp wopita kwa abwana, pamene pamaterera ndi pa aperekezi, timawu ta at, in, of, to ndi for, tobwera pambuyo pa mfotokozi monga good kapena married. Gwero lake n'lakuti m'Chichewa "ndi" amasenza ntchito zambiri, choncho munthu amangoponya with paliponse.

Yambani ndi married. Kwathu timati wakwatiwa ndi uje, koma Chingerezi chimafuna "married to a Malawian". Mukalemba "married with two children" mwanena zina, kuti muli pabanja ndipo muli ndi ana awiri. Pa nkhani za mapepala ku Home Affairs kusiyana kumeneku si kwamasewera. N'chimodzimodzi different: nenani "different from". "Different to" mudzaimva kawirikawiri kuno ndipo ndi yololedwa, koma "different with" ayi.

Ofuna ntchito asamale kwambiri ndi good, chifukwa mperekezi akasintha tanthauzo limasinthanso. Luso la ntchito limatenga at: "good at ironing", "good at tiling". Kudziwa kusamala anthu kapena ziweto kumatenga with: "good with children", "good with dogs". Tsono "good for" ndi ya chinthu chopindulitsa thupi, ngati ndiwo zamasamba. Mayi wofuna ntchito yolera ana ku Randburg alembe with, osati at.

Responsible nayenso ali pawiri. Ntchito imene ili m'manja mwanu ndi for: "responsible for the stock". Munthu amene amakuyang'anirani ndi to: "responsible to the manager". Angry ndiye amagwirizana nafe pang'ono: munthu amatenga with, nkhani imatenga about, monga "angry with the landlord about the deposit".

Ena ndi ongoloweza basi: "afraid of", "proud of", "interested in", "late for work", "ready for". Ku chipatala musaiwale "allergic to penicillin". Pamenepa mawu ayenera kutuluka omveka.

Lamulo limodzi lokha silisintha: mneni wobwera pambuyo pa mperekezi amathera ndi -ing. Ndiye ndi "interested in working weekends", "tired of waiting". Ovuta ndi "used to", chifukwa to wakeyo amanyenga. "I am used to working nights" ndiye kuti munazolowera. "I used to work nights" ndiye kuti munkatero kale koma munasiya. Pa intavyu ya ulonda, chiganizo chachiwiricho chingakuphonyetseni ntchito.

Poloweza, musalembe mfotokozi payekha m'kope. Lembani iye ndi mperekezi wake pamodzi m'chiganizo chokhudza ntchito yanu, ziganizo 5 pa sabata, ndipo muziziwerenga mokweza. Mukakayika, tsegulani dikishonale ya ophunzira ya Oxford kapena Cambridge pa foni, muyang'ane zitsanzo zimene zili pansi pa tanthauzo, poti mperekezi amaonekera m'menemo.